Chifukwa chiyani cigar ikunenepabe?

Pa mndandanda wa mitengo m'sitolo yogulitsa ma cigar okulunga pamanja mumapeza manambala awiri olembedwa moyandikana, monga 5 x 50 kapena 7 x 47. Anthu osuta fodya wa mtunduwu akakhala pansi, mkangano wawo umayambira pa manambala amenewa. Ena amati cigar yeniyeni ndi yowonda, yaitali, yofuna kudekha. Ena amati ikapanda kudzaza m'kamwa ndiye kuti ndalama zalowa m'madzi. Mkanganowu ndi wakale, koma kuyambira cha m'ma 1990 msika wapendekera mbali imodzi: cigar yakhala ikunenepa chaka ndi chaka, kwinaku ikufupika. Ambiri amangoti n'chifukwa choti yonenepa ndiyo yokoma. Ine ndikuona kuti kukoma kuli ndi gawo laling'ono chabe pa nkhaniyi. Zimene zinakankhira osuta kumeneko ndi ndalama, msonkho, nthawi, ndiponso luso la manja a anthu okulunga.

Nambala yonena za kutalika ndi yosavuta kumva. Ku America amawerengera mainchi, ku Cuba ndi ku Ulaya mamilimita. Inayo, imene amaitcha ring gauge, imanena kukula kwa cigar m'mimba mwake. Inchi imodzi amaigawa tizigawo 64, choncho cigar ya 64 ndi yokwana inchi yathunthu, mamilimita 25.4. Ya 42 ili ndi mamilimita 16.7, ya 50 ili ndi 19.8, ya 60 ili ndi 23.8. Ngati cigar ndi yosongoka kapena yotupa pakati, amayeza pamene yanenepa kwambiri. M'mafakitale a ku Havana muli kachipangizo kokhala ndi chiboo kotchedwa cepo. Cigar ikamalizidwa amaipisa pamenepo, ndipo ikakana kulowa kapena ikalowa mokhwepa ndiye kuti yaphonya muyezo. Ku Cuba miyezoyi saichitira chibwana. Saizi iliyonse ili ndi dzina lake la m'fakitale ndi muyezo wosasintha: mareva ndi mamilimita 129 pa 42, robusto ndi 124 pa 50, ndipo julieta No. 2, imene dziko lonse limaidziwa ndi dzina la Churchill, ndi 178 pa 47. Ku Nicaragua, ku Honduras ndi ku Dominican Republic kulibe lamulo lotero. Kampani ina robusto yake imakhala ya 50, ina ya 54, zonse n'kulembedwa robusto pa bokosi. N'chifukwa chake wosuta wodziwa amayang'ana nambala, dzina salidalira kwenikweni.

Kuchoka pa 42 kufika pa 60 ndi mamilimita 7 okha, ndipo pa rula zimaoneka zazing'ono. Koma fodya wolowa m'kati amachuluka molingana ndi nambalayo itachulukitsidwa ndi iyo yomwe. 42 kuchulukitsa ndi 42 ndi 1,764, pamene 60 kuchulukitsa ndi 60 ndi 3,600. Ndiye kuti pa utali wofanana, cigar ya 60 imameza fodya woposa kawiri wa mu ya 42, koma tsamba lokuta kunja limangowonjezereka ndi gawo losakwana theka. Masamu omwewa amaulula zimene maso sangaone. Lancero ya mamilimita 192 pa 38 imaoneka yaikulu ikagona pambali pa robusto ya 124 pa 50, koma mukaziika pa sikelo, robusto yaifupiyo ndiyo imalemera. Nkhani yonse ya kakomedwe yagona pa masamu amenewa.

Cigar yokulunga pamanja ili ndi zigawo zitatu. M'kati muli masamba athunthu opindidwa m'litali mwake, kenako tsamba lolimba lomangira mtolowo, ndipo pamwamba pake tsamba losalala limene ku Cuba amalitcha capa. Masamba a m'katiwo sathyoledwa pamalo amodzi pa chomera. A m'munsi, otchedwa volado, alibe kukoma kwambiri koma amayaka bwino, ndiwo amasunga moto. A pakati, seco, ndiwo eni fungo. A kunsonga, ligero, ndi ochindikala, amafuta, aukali, ndipo amanyeka mochedwa, motero wokulunga amawaika pakatikati penipeni pa mtolo. Mlimi wa ku Kasungu kapena ku Mchinji sangadabwe nazo izi. Ngakhale burley wake amakathera mu ndudu wamba, akamasankha fodya m'chigafa amadziwa bwino kuti tsamba la m'munsi ndi lopyapyala, ndipo la kunsonga, limene dzuwa laliwomba nthawi yaitali, ndi lolemera ndi laukali.

Mu cigar yowonda malo ndi ochepa. Mu ya 38 wokulunga amalowetsa masamba owerengeka, nthawi zina matheka a masamba, ndipo tsamba lakunja limamveka kwambiri m'kamwa chifukwa gawo lake pa fodya yense ndi lalikulu. Tsamba lakunjalo ndilo lodula kuposa onse. Lambiri limalimidwa pansi pa nsalu yotchinga dzuwa, m'minda ya ku Vuelta Abajo m'chigawo cha Pinar del Río ku Cuba kapena m'chigwa cha Connecticut, pamene ku Ecuador mitambo ndiyo imagwira ntchito ya nsaluyo. Osuta amatsutsana za kuchuluka kwa kukoma kumene tsambali limapereka, koma onse amavomereza kuti cigar ikamawonda, tsambalo limalamulira. Mu yonenepa zimatembenuka. Katswiri wosakaniza fodya amakhala ndi malo oika masamba a mitundu inayi kapena isanu, ena a ku Estelí, ena a ku Jalapa, ena a ku Condega m'dziko la Nicaragua, mwinanso a ku chigwa cha Cibao ku Dominican Republic, ndipo chimene lilime limamva ndi chisakanizo cha m'katicho. Choncho fodya yemweyo, wa dzina limodzi, wochokera m'fakitale imodzi, amakoma mosiyana akakulungidwa pa 38 ndi pa 54.

Kayakidwe nakonso kamasiyana. Amene anakolezapo moto amadziwa kuti tsatsa zimalilima msanga pamene chipika chimanyeka mofatsa. Cigar yowonda mukaikoka pafupipafupi imatentha, utsi umawawa n'kumakanda pakhosi. Mukaiiwala pang'ono imazima. Imafuna munthu wodziwa kukoka pang'ono n'kuipumitsa pafupifupi mphindi yathunthu. Yonenepa imapirira. Utsi wake umatuluka wambiri ndi wozizirirapo, ndipo ngakhale wosuta akhale wapupuluma siimulanga msanga. Apa ndi pamene wongoyamba kumene amanamizika. Poona cigar yaing'ono amayesa kuti ndi yofatsa, pamene kawirikawiri yowondayo ndiyo imaluma pa lilime. Ukali weniweni, wa nikotini, umachokera ku masamba amene aikidwa m'kati, makamaka ligero, ndipo saizi payokha siiuza munthu za ukaliwo.

Utali uli ndi ntchito yake. Moto ukakhala kutali ndi mlomo, utsi umazizira m'njira ndipo fodya wosapsa amausefa. Zimene wasefazo sizipita kwina, zimaunjikana cha kumutu, ndiye cigar yaitali imayamba mofatsa, imakhwima pakati, n'kumaliza mwaukali. Okonda Churchill ndi lonsdale, saizi ina yaitali koma yowonda, amakonda kusinthasintha kumeneku. Yaifupi ilibe ulendo wotero, imayamba ndi mphamvu zake zonse n'kuthera pomwepo. Ndiye osuta ambiri sakhala ndi saizi imodzi moyo wonse. Amatenga yaing'ono ya mphindi 30 masana akakhala pa ntchito, yaikulu madzulo akakhala ndi nthawi.

Kale cigar inali yowonda. Pamene mtundu wa cigar wa Montecristo unkakhazikitsidwa ku Havana mu 1935, masaizi ake oyambirira anali asanu, No. 1 mpaka No. 5. Atatu anali a 42, imodzi ya 40, ndipo No. 2 yokha, yosongoka kumutu, ndiyo inafika pa 52. No. 4, ya mamilimita 129 pa 42, inakhala zaka zambirimbiri ikudziwika kuti ndiyo cigar ya ku Cuba yogulidwa kwambiri padziko. Mu February 1962, mtsogoleri wa dziko la America John F. Kennedy atatsala pang'ono kusaina lamulo loletsa katundu wa ku Cuba kulowa mu America, anatuma mneneri wake Pierre Salinger kukamusakira ma cigar amene ankawakonda. Malinga ndi mmene Salinger anafotokozera yekha pambuyo pake, anabwera nawo 1,200, ndipo anali ma Petit Upmann, ang'onoang'ono ndithu. Cohiba yoyamba, imene inayamba mu 1966 ngati fodya wa Fidel Castro ndi woperekedwa ngati mphatso kwa alendo a boma, inali ya 38, yaitali mamilimita 192, imene lero imadziwika kuti Lanceros. Ngakhale Churchill, imene anthu amaiona ngati cigar ya munthu wamkulu, ndi ya 47 basi. Pa kagawidwe kakale ka ku Cuba, iliyonse yoposa 45 inkawerengedwa kale m'gulu la zonenepa.

Zinthu zinayamba kusintha pamene Cohiba inatulutsa Robustos mu 1989. Saiziyo inalipo kale, mu Partagás Serie D No. 4 ndi mu Hoyo de Monterrey Epicure No. 2, koma inalibe mbiri imene ili nayo lero. Mu 1992 Marvin Shanken anayambitsa magazini ya Cigar Aficionado ku New York, ndipo m'zaka zisanu zotsatira anthu a ku America anachita misala ndi fodyayu. Ma cigar okulunga pamanja olowa m'dzikolo anachoka pa pafupifupi 100 miliyoni pa chaka n'kupitirira 400 miliyoni mu 1997. Osuta atsopanowa anali asanaphunzire kudekha kumene yowonda imafuna, ndipo robusto inawayanja. Opanga anaona kumene mphepo ikulowera. Ernesto Perez-Carrillo, wopanga La Gloria Cubana ya ku Miami pa nthawiyo, anatulutsa Serie R mu 1999, kuyambira pa 52 ndi 54, kenako mpaka 60. Cuba inatsatira ndi Cohiba Siglo VI ya 52 mu 2002 ndi Montecristo Edmundo ya 52 mu 2004, ndipo mu 2010 kunabwera Romeo y Julieta Wide Churchill ya 55 pamodzi ndi Cohiba Behike ya 52, 54 ndi 56. Mu 2012 Perez-Carrillo yemweyo anatulutsa Inch, imene saizi yake ina ndi ya 64, ndipo Asylum ya Tom Lazuka ndi Christian Eiroa inafika pa 70, kenako pa 80. Cigar ya 80 ndi yoposa masentimita 3 m'mimba mwake.

Lero m'masitolo a ku America amene amatuluka kwambiri ndi robusto ndi toro, ya mainchi 6 pa 50 kapena 52, ndipo ya 6 x 60, imene amaitcha gordo, imabwera pambuyo pawo. Ku mbali ya Cuba, imene imatchulidwa tsopano kuti ndiyo ikutsogola pa malonda ndi Partagás Serie D No. 4, robusto ija.

Chinakankhira msika kumeneku n'chiyani? Tiyambe ndi za m'thumba. Mtengo wa cigar sukwera molingana ndi fodya wa m'kati mwake. Malipiro a wokulunga, tsamba lakunja, kamphete ka pepala, bokosi ndi mayendedwe zimadya ndalama zosasiyana kwenikweni, kaya cigar ndi ya 42 kapena ya 60. Wogula amaona kuti akawonjezera ndalama pang'ono akutenga fodya wowirikiza kawiri, ndipo kwa munthu amene amawerengera ndalama zake palibe chachilendo pamenepo. Msonkho nawo umakankhira komweko. Ku America, kuyambira mu 2009, msonkho wa boma la dziko lonse pa cigar yaikulu ndi 52.75 peresenti ya mtengo wa wopanga, koma sungapitirire masenti 40.26 pa cigar imodzi. Pafupifupi cigar iliyonse yokulunga pamanja imagunda malire amenewo, ndiye yaing'ono ndi yaikulu zimalipira msonkho umodzimodzi. Ku Britain msonkho umawerengedwa pa kilogalamu, ndipo galamu iliyonse yowonjezera imamveka m'thumba la wogula. N'zosadabwitsa kuti m'masitolo a ku London petit corona, mareva ija, ikadali ndi anthu ake, pamene 6 x 60 inakulira pa msika wa ku America.

Pali nkhani ina imene ogulitsa sakonda kuikamba, ndiyo ya manja. Kukulunga cigar yowonda ndi yaitali ndi ntchito yovuta kwambiri. Mpweya uyenera kuyenda mamilimita 192 m'kanjira kopapatiza. Tsamba limodzi likapotoka kapena likathinitsidwa mopyola, cigar imatseka, ndipo mukoke chotani utsi sutuluka. Fodya akachepa, imayaka mothamanga n'kutentha. Wokulunga alibe china chomuuza za zimenezi koma zala zake, ndipo amayenera kukulunga ma cigar pakati pa 60 ndi 150 patsiku malinga ndi saizi. Mu yonenepa cholakwika chotere chimabisika chifukwa mpweya umapeza njira ina. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 Cuba inathamangira kuchulukitsa ma cigar pofuna ndalama zakunja, inalemba okulunga atsopano ambiri mwachangu, ndipo ma cigar otseka anachuluka m'mabokosi a 1999 mpaka 2001. Owonda ndiwo anaipa mbiri kwambiri. Mafakitale anabweretsa makina oyesa mpweya wodutsa mu mtolo usanakutidwe, zinthu n'kukonzeka, koma wosuta amene anataya ndalama pa bokosi la ma lonsdale osakokeka anali atasamukira kale ku robusto. Kampani ya Habanos S.A., imene imagulitsa ma cigar a ku Cuba kunja ndipo theka lake linagulidwa ndi kampani ya Altadis mu 2000, inayamba kuchotsa pa msika masaizi osayenda malonda. Ambiri mwa ochotsedwawo anali owonda, monga ma panetela, ma lonsdale ndi ma corona. Kuchokera apo wosuta watsopano akalowa m'sitolo sankawapezanso, ndipo kusagulidwa kwawo kunakhala chifukwa chochotsera enanso.

Kufupika kuli ndi chifukwa chakechake. Mzinda wa New York unaletsa kusuta m'malo omwera ndi odyera mu 2003, Ireland mu 2004, England mu July 2007. Cigar imene kale inkasutidwa patebulo anthu atamaliza kudya inapirikitsidwira panja, nthawi zambiri m'chisanu. Churchill imafuna ola ndi theka, double corona ya mamilimita 194 pa 49 imatha kufika maola awiri. Ndani angaime pakhonde nthawi yonseyo mu January wa ku London? Opanga sanabwerere ku yowonda, anangodula utali n'kusiya kunenepa pomwepo. Kunabwera Hoyo de Monterrey Petit Robusto ya 102 pa 50 mu 2004, Montecristo Petit Edmundo ya 110 pa 52 mu 2006, ndi Partagás Serie D No. 6 ya 90 pa 50 mu 2014. Kampani ya Oliva ya ku Nicaragua inatulutsa Nub mu 2008, ndipo saizi yake yotchuka ndi ya mainchi 4 pa 60. Ngakhale ndi yaifupi choncho, ili ndi fodya wambiri kuposa corona ya mamilimita 142.

Za maonekedwe sindikhalitsapo. Cigar yonenepa imaonekera patali ndipo imauza anthu kuti woigwirayo ali nazo, ndipo alipo amene amaigulira zimenezo. Tisaiwalenso kuti zonse tikukambazi ndi za kagulu kakang'ono ka osuta. Tikawerenga ma cigar onse osutidwa padziko, ochuluka zedi ndi ang'onoang'ono opangidwa ndi makina, monga Café Crème ku Ulaya kapena Swisher Sweets ndi Black & Mild ku America, ndipo ku Italy ambiri amadula Toscano pakati n'kusuta theka. Anthu amenewa za ring gauge sawerengera n'komwe.

Yonenepa si yonyozeka. Behike ili ndi medio tiempo, timasamba tiwiri ta pamwamba penipeni timene sitimera pa chomera chilichonse, ndipo tsamba laukali chotero limafuna malo ndi masamba ena olifatsitsa. Mu 2016 Cigar Aficionado inasankha Andalusian Bull ya La Flor Dominicana, imene pamalo ake onenepa imafika pa 64, kukhala cigar yopambana ya chakacho. Ikakonzedwa kuyambira pachiyambi kuti idzakhale yonenepa, imatha kukoma kwambiri. Vuto limabwera pamene chisakanizo chimene chinakonzedwera 46 chafufumitsidwa kufika pa 60 pongofuna kutsata msika. Malo owonjezerawo ayenera kudzazidwa ndi fodya woyaka bwino kuti moto usazime, ndipo kawirikawiri amakhala masamba opepuka a m'munsi. Chimene chimatuluka ndi utsi wambiri koma wosukuluka. Kupyola 60 mavuto ena ndi oonekeratu: nsagwada zimatopa, chodulira wamba sichilowa, ndipo moto umakonda kuboola pakati kapena kutsetsereka mbali imodzi. Akale anali ataipeza njira yothetsera zina mwa izi mu piramide, monga Montecristo No. 2 ya mamilimita 156 pa 52, yonenepa kumene kuli moto koma yosongoka kumene kukupita kukamwa.

Tsamba lina limene siligwirizana ndi kunenepa kopyola muyezo ndi la kuno ku Africa. Ku Cameroon ndi ku Central African Republic kumalimidwa tsamba lakunja lotchuka, lotsekemera pang'ono, limene lakhala likukuta cigar ya Hemingway ya kampani ya Arturo Fuente kwa zaka zambiri. Ndi laling'ono, lopyapyala, losachedwa kung'ambika, motero kulikuta pa mtolo wa 60 n'kovuta, ndipo ngakhale zitatheka kukoma kwake kumamira mu fodya wa m'kati. Kampani ya Bongani ya ku Maputo, imene inayamba mu 2016, imagwiritsa ntchito tsamba la ku Cameroon, ndipo ku Harare kuli Mosi Oa Tunya imene inayamba mu 2020. Onse awiriwa anaitana akatswiri a ku Dominican Republic kudzaphunzitsa okulunga a m'dziko momwemo. Ndikanakonda kuti manja atsopanowa aphunzirenso kukulunga yowonda, chifukwa amene wadziwa kukulunga ya 38 ndi ya 42 sangavutike ndi ya 54.

Okonda yowonda sanathe. Ndi ochepa koma sagonja, ndipo makampani monga Tatuaje, Illusione, Oliva ndi My Father akhala akuwatulutsira lancero ngakhale eni masitolo amadandaula kuti imakhalitsa pa shelefu. Chimene chimandigwira mtima kwambiri n'chakuti akatswiri ambiri osakaniza fodya amanena poyera kuti akamayesa chisakanizo chatsopano, kapena akamasuta paokha, amatenga corona kapena corona gorda, ya mamilimita 143 pa 46. Kwa ine umenewu ndi umboni wolemera kuposa ziwerengero za malonda. Munthu amene ali ndi nyumba yodzaza mabelo a fodya, amene mtengo ndi msonkho sizimukhudza, akasankha 42 kapena 46 ndiye kuti wasankha ndi lilime lokha.

Masamu aja ali ndi mbali ina imene sindingaibise. Ndudu wamba ili ndi fodya wosakwana galamu imodzi. Mareva ya ku Cuba imalemera magalamu opitirira pang'ono 8, robusto pafupifupi 12, Churchill 15, double corona pafupifupi 18. Bungwe la National Cancer Institute la ku America, limene linatulutsa lipoti lalikulu lokhudza ma cigar mu 1998, limanena kuti cigar imodzi yaikulu ikhoza kukhala ndi fodya wofanana ndi paketi yonse ya ndudu. Osuta ambiri amadzitonthoza poti utsi saumeza. Koma nikotini wa mu cigar amalowa m'magazi kudzera m'kamwa momwemo, ndipo milomo, lilime ndi pakhosi zimakhala mu utsiwo kuyambira poyatsa mpaka pozimitsa. Khansa ya m'kamwa, ya kholingo, ya kum'mero ndi ya m'mapapo zimagwira osuta cigar kuposa anthu osasuta. Utsi wozizira wa yonenepa umanyenga chifukwa suwawa, pamene ndi wochuluka, umakhalitsa, ndipo onse a m'nyumba, ndi ana omwe, amaupuma nawo. Munthu amene wachoka pa petit corona kupita pa 6 x 60 n'kumati akusutabe imodzi patsiku ngati kale, wawonjezera fodya wake kuposa kawiri. Palibe saizi yopanda chiopsezo, ndipo amene sanayambe kusuta asayambe poganiza kuti yaing'ono siipweteka.

Pa funso la kakomedwe, chigamulo changa n'chakuti cigar imaonetsa bwino ntchito ya mlimi ndi ya wokulunga ikakhala pakati pa 42 ndi 50, makamaka pa 46. Pamenepo tsamba lakunja likumvekabe, m'kati muli malo okwanira volado, seco ndi ligero, ndipo moto suvuta kuusamala. Robusto kutchuka kwake n'koyenera, sindingaikane. Zopyola 56, kupatula zochepa zimene zinakonzedwa mosamala, zimagulitsa kuchuluka kwa fodya kuposa kukoma kwake. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kutha kwa yowonda, chifukwa luso lokulunga lancero ndi lonsdale limakhala m'zala za anthu, ndipo fakitale ikasiya kuzipanga kwa zaka zambiri okulunga achinyamata amasowa powonera.

Inu amene mumasuta kale ndipo mumangodziwa 6 x 60, mukadzapeza fodya yemweyo atakulungidwa ngati corona ya 42, mugule imodzi, muikoke mofatsa osaithamangitsa, kenako muweruze nokha. Ikakukomerani khalani pomwepo, chifukwa fodya wa m'menemo sakwana theka la amene mwakhala mukusuta.